Zaluso ndi intaneti: mafunso ndi mayankho kwa oimba, ojambula ndi okonza zochitika

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene oimba, azisudzo, alakatuli, ojambula zithunzi komanso oyendetsa ntchito za aluso amafunsa mobwerezabwereza. Tayankha poganizira mmene zinthu zilili kuno ku Malawi, kumene bandulo ndi yodula, magetsi amazimazima, ndipo ndalama zambiri zimayenda pa foni.

Kodi chasintha kwenikweni n'chiyani?

Amene anaona nthawi ya makaseti akukumbukira mmene zinkayendera. Woimba ankasonkha ndalama, n'kukajambula ku situdiyo, kenako n'kutengera tepi yake kwa ogulitsa ngati O.G. Issa ku Limbe, amene ankachulukitsa makaseti n'kuwamwaza m'misika. Ofika pamenepo anali ochepa, koma amene wafikayo ankadziwa kuti ndalama yake ichokera kwa yani.

Lero mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Mchesi amene ali ndi laputopu atha kujambula nyimbo m'chipinda chogona, mawa lake n'kumveka ku Johannesburg ndi ku London. Kupanga ndi kufalitsa kwatchipa. Chavuta ndi kulondola ndalama, chifukwa tsopano imabwera pang'onopang'ono kuchokera m'malo ambiri, ndipo amene amaigawa ndi makompyuta. Kompyuta sidziwa nkhope ya munthu. Imangotsata dzina, nambala ndi akaunti zimene zinalembedwa. N'chifukwa chake mayankho ambiri m'munsimu akubwerera ku nkhani ya kulemba ndi kusunga bwino: ndani mwini wake, fayilo yeniyeni ili kuti, akaunti ili m'dzina la yani.

Situdiyo yapakhomo imafuna zipangizo zanji?

Zofunika ndi zisanu: kompyuta, pulogalamu yojambulira ngati FL Studio kapena Cubase, kabokosi kotchedwa audio interface kolumikiza maikolofoni ku kompyuta, maikolofoni, ndi mahedifoni otseka makutu bwino kuti phokoso la biti lisalowenso mu maikolofoni. Maikolofoni ya mtundu wa condenser imafuna magetsi a 48V ochokera ku kabokosiko. Ikangokhala chete, yambani mwaona batani limenelo musanaganize kuti yafa.

Chimene chimawononga nyimbo zambiri za pakhomo ndi chipinda, osati maikolofoni. Makoma a simenti ndi denga la malata zimabweza mawu, ndipo mawu obwererawo akalowa m'nyimbo kuwachotsa n'kovuta. Pachikani mabulangete okhuthala kumbuyo kwa woimba ndi m'mbali mwake, ndipo musamuimike pakona. Jambulani pa 24-bit, mawu akakwera kwambiri azifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Akagunda 0 amasweka, ndipo osweka sakonzeka.

Ngati mukugwiritsa ntchito kompyuta yapatebulo, gulani UPS, kabokosi ka batire kamene kamapitiriza kupereka magetsi kwa kanthawi akazima. Magetsi akazima pamene kompyuta ikusunga fayilo, ntchito ya tsiku lonse imatha kuwonongeka. Mapulogalamu obedwa nawo tikukuchenjezani: ambiri amabwera ndi mavairasi amene amaba manambala achinsinsi, ndipo masamba a oimba ena amabedwa kudzera njira imeneyi. Ngati ndalama palibe, Audacity ndi yaulere ndipo imakwanira kujambulira ndakatulo ndi masewero a pawailesi.

Nyimbo yatha. Ifika bwanji pa Spotify, Apple Music ndi Boomplay?

Woimba payekha satumiza nyimbo mwachindunji ku makampani amenewa. Amadzera kwa kampani yofalitsa, monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. Kalipiridwe kake n'kosiyana. Ena mumawalipira chaka ndi chaka, ndipo mukasiya kulipira nyimbo zanu zimatha kuchotsedwa paliponse. CD Baby mumalipira kamodzi pa nyimbo kapena chimbale, iwo n'kumatapa gawo pa ndalama iliyonse yobwera. Kwa amene amavutika kupeza khadi yolipirira kunja chaka chilichonse, njira yachiwiriyi imapereka mtendere wa mumtima. Audiomack, YouTube ndi SoundCloud mutha kuikapo nokha kwaulere.

Konzekerani izi musanayambe:

1. Fayilo ya WAV, yosachepera 16-bit ndi 44.1 kHz. Imalemera pafupifupi 10 MB pa mphindi iliyonse. Musatenge MP3 n'kuisandutsa WAV, chifukwa zimene zinatayika popanga MP3 sizibwerera.
2. Chithunzi cha pachikuto chofanana mbali zonse, mapikiselo 3000 kwa 3000, chopanda nambala ya foni, adiresi ya tsamba kapena chizindikiro cha kampani ina. Zikuto zambiri zimakanidwa pa zifukwa zimenezi.
3. Mayina enieni a amene anapeka mawu ndi maimbidwe, osati mayina a pasiteji okha.
4. Tsiku lotulutsira, lomwe likhale patsogolo ndi milungu itatu kapena inayi.

Milungu imeneyi ili ndi ntchito yake. Spotify, imene inayamba kupezeka ku Malawi mu 2021, imalola woimba kudziwitsa akonzi ake za nyimbo yatsopano kudzera pa Spotify for Artists, koma amafuna kuti mutero patatsala masiku osachepera 7 nyimbo isanatuluke. Mukaitumiza lero kuti ituluke mawa, mwayi umenewo mwautaya.

Chinanso: musakakamize wokonza mawu kuti nyimbo iphokosere kuposa zonse. Spotify imalinganiza kukwera kwa nyimbo zonse pafupi ndi -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu), choncho yopanikizidwa kwambiri imangotsitsidwa n'kumveka yofooka, ng'oma zake zitaphwa.

ISRC n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani mumaiumirira?

Ndi nambala ya zilembo ndi manambala 12 imene imaperekedwa kwa nyimbo iliyonse yojambulidwa. Ili ngati chiphaso cha nzika cha nyimboyo. Makampani ofalitsa ambiri amaipereka okha mukamatumiza nyimbo. Ilembeni m'kaundula wanu pamodzi ndi dzina la nyimbo, tsiku lotulukira ndi mayina a opeka.

Kufunika kwake kumaoneka tsiku limene mukusintha kampani yofalitsa. Mukatumiza fayilo yomweyo ndi ISRC yomweyo, chiwerengero cha omvera chimatsata nyimbo. Mukalola kuti ipatsidwe nambala yatsopano, imayambira pansi ngati yachilendo. Nyimbo yoimbidwanso pasiteji, kapena yosakanizidwa mwatsopano, imafuna nambala yakeyake.

Vuto lina lofala ndi kalembedwe ka dzina. Mukalemba dzina lanu mosiyana pa nyimbo ziwiri, ngakhale ndi chilembo chimodzi kapena kadontho, mumapezeka muli ndi masamba awiri. Ngati dzina lanu likufanana ndi la woimba wa dziko lina, nyimbo zanu zimatha kukagwera patsamba lake. Fufuzani dzinalo pa Spotify ndi YouTube musanalikhazikitse.

Anthu akumvera, koma ndalama sizikuoneka. Zikupita kuti?

Choyamba dziwani kuti palibe mtengo wokhazikika wa kumvera kumodzi. Kampani ngati Spotify imasonkhanitsa ndalama zimene yapeza m'dziko pa mwezi, kuchokera kwa olipira ndi kwa otsatsa malonda, imachotsa gawo lake, zotsalazo n'kugawira eni nyimbo molingana ndi gawo la kumvera kumene aliyense wapeza. Choncho kumvera kwa munthu wolipira mwezi ndi mwezi ku Britain kumabweretsa zambiri kuposa kwa munthu womvera kwaulere ku Lilongwe. Apa m'pamene Amalawi okhala ku South Africa, ku Ireland ndi ku Britain amakhala ofunika kwa woimba wa Chichewa, ndipo ndi bwino kuwaganizira polengeza nyimbo.

Chachiwiri, kuyambira mu 2024 Spotify silipira nyimbo imene sinamveredwe kokwana 1,000 pa miyezi 12 yapitayo. Chachitatu, ndalama zimachedwa miyezi iwiri kapena itatu zisanaoneke pa akaunti yanu ya kampani yofalitsa.

Palinso msonkho. Makampani a ku America amakupemphani kudzaza fomu yotchedwa W-8BEN. Popeza Malawi alibe pangano la misonkho ndi dziko la America, ndalama zochokera kwa omvera a kumeneko zimadulidwa 30 peresenti. Musadabwe nazo, ndipo musaname za dziko limene mukukhala pofuna kuzemba, chifukwa akaunti imatsekedwa ndalama zili momwemo.

Musanasankhe kampani yofalitsa, funsani funso limene ambiri amaliiwala: ndalama ndidzazitapa bwanji ndili kuno? Onani ngati njira zawo zolipirira zimafika ku banki ya ku Malawi, ndalama yochepetsetsa imene amalola kutapa, komanso zimene banki imadula polandira ndalama zakunja. Kutapa mwezi ndi mwezi tindalama tochepa kumathera m'zodula. Ndi bwino kudikira ziunjikane.

Za anthu amene amalonjeza kukukwezerani chiwerengero cha omvera mukawalipira, akaneni. Amagwiritsa ntchito makina onamizira kumvera, makampani amazindikira, ndipo chilango chimagwera inu: nyimbo imachotsedwa, nthawi zina ndi akaunti yomwe.

Ngati ndili ndi kampani yofalitsa, COSOMA ndiifuniranji?

Mu nyimbo imodzi muli umwini wa mitundu iwiri. Pali umwini wa chopekacho, kutanthauza mawu ndi maimbidwe, ndiye pali umwini wa chojambulidwacho, chomwe ndi fayilo yochokera ku situdiyo. Kampani yofalitsa imatolera makamaka za chojambulidwa. Ndalama za wopeka, komanso za nyimbo zoseweredwa pa wailesi, pa kanema, m'mahotela ndi m'malo azisangalalo, zimadzera ku bungwe loona za umwini. Kuno bungwelo ndi COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992 ndipo pano limayendera lamulo la umwini la 2016. Bungweli limagawanso ndalama zochokera ku msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu.

Kukhala membala pakokha sikukwanira. Nyimbo iliyonse yatsopano iyenera kulembetsedwa, ndi mayina a onse amene anaipeka ndi magawo awo. Nyimbo yosalembetsedwa ikhoza kumveka chaka chonse pa wailesi, mwini wake osalandira kanthu, chifukwa pogawa palibe dzina loti aikepo. Olemba mabuku, azisudzo ndi opanga mafilimu nawonso ali ndi malo m'bungweli.

Nyimbo ikatchuka pa TikTok, ndiye kuti ndalemera?

Ayi. Chakumapeto kwa 2021 nyimbo ya a Giddes Chalamanda, imene anaimbanso pamodzi ndi Patience Namadingo, inafala pa TikTok n'kuonedwa ndi anthu mamiliyoni ambiri m'maiko akutali, a Chalamanda ali ndi zaka zoposa 90. Zinasonyeza kuti nyimbo ya kwathu itha kukondedwa ndi anthu osamva chinenero chake. Koma kutchuka kotere kumabwera mwadzidzidzi, ndipo TikTok payokha imalipira zochepa.

Phindu limabwera ngati zinthu zinakonzedwa kale. Nyimbo ikhale inaperekedwa ku TikTok, Instagram ndi Facebook kudzera ku kampani yofalitsa, kuti mawu amene anthu akuvinira akhale olembedwa m'dzina lanu, osati kachidutswa kamene wina anajambula pa wailesi. Nyimbo yathunthu ikhale ikupezeka pa YouTube ndi Spotify ndi dzina lomwelo limene anthu akulisaka. Patsamba panu pakhale imelo kapena nambala ya ofuna kukuitanani, ndipo pakhale munthu woyankha tsiku lomwelo.

Nanga YouTube imalipira liti?

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kulowa m'dongosolo lawo logawana ndalama za otsatsa malonda. Amafuna okutsatirani 1,000 ndi maola 4,000 oonera pa miyezi 12, kapena okutsatirani 1,000 omwewo ndi kuti timavidiyo tanu tatifupi tionedwe kokwana 10 miliyoni pa masiku 90. Dongosololi silipezeka m'maiko onse, choncho onani mndandanda wa maiko patsamba lawo musanawerengere ndalama.

Yachiwiri ndi Content ID, imene oimba ambiri amaipeza kudzera ku kampani yofalitsa. YouTube imasunga chizindikiro cha nyimbo yanu, ndipo wina akaigwiritsa ntchito mu vidiyo yake, ndalama za malonda zimabwera kwa inu. Koma musalembetse ku Content ID nyimbo ya biti imene munagula pa intaneti popanda umwini wonse. Biti yomweyo inagulitsidwanso kwa ena, ndipo mukatero mumayamba kulanda ndalama za anzanu osalakwa, mkangano n'kubuka.

Tinapanga nyimbo anthu anayi, tonse ndife abwenzi. Kulemberana n'kofunika?

N'kofunika, ndipo kuchitike tsiku lojambula, nyimbo isanatuluke. Pepala limodzi limakwana: dzina la nyimbo, tsiku, mayina enieni a onse, zimene aliyense anachita, gawo lake pa 100, ndi siginecha. Lijambuleni pa foni aliyense akhale nalo.

Pomwe pamavuta kwambiri ndi pa wopanga biti. Kodi ndalama imene munamupatsa inali ya ntchito ya tsikulo basi, kapena alinso ndi gawo m'nyimbo? Zonse ziwiri n'zotheka, koma zilembedwe. Gwirizananinso kuti akupatsani mafayilo a chida chilichonse pachokhapachokha, mawu paokha, ng'oma pazokha, gitala payekha. Opanga mafilimu ndi otsatsa malonda akafuna nyimbo yanu amapempha yopanda mawu, ndipo ngati kompyuta ya ku situdiyo inafa kapena inabedwa, malondawo apita.

Tikufuna kugulitsa matikiti pa foni. Tichite bwanji kuti pageti pasakhale chipwirikiti?

Poyamba, ndalama zisalowe pa nambala ya munthu. Tsegulani akaunti ya malonda ya Airtel Money ndi ya TNM Mpamba m'dzina la gulu kapena kampani, kuti pakhale sitetimenti yoti aliyense aione. Nambala ya munthu ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge, ndipo imasakaniza za shoo ndi za pakhomo.

Tikiti iliyonse ikhale ndi QR code yakeyake (kachizindikiro kowerengedwa ndi kamera ya foni), imene ikangosikanidwa kamodzi imafa. Chinyengo chofala ndi chojambula tikiti pa foni n'kutumizira anzake asanu. Ngati makina anu akugwira bwino, woyamba amalowa, enawo amakanidwa. Vuto limabwera pamene mageti ndi awiri ndipo netiweki yagwa, zomwe zimachitika kawirikawiri anthu masauzande akasonkhana pamalo amodzi, kaya ndi kunyanja kapena m'bwalo la mpira. Foni ya geti lina sidziwa kuti tikitiyo yalowa kale kwina. Njira zake ndi ziwiri: mafoni onse osikanira alumikizidwe pa rauta imodzi ya pamalopo, kapena mugawe matikiti kuti mtundu uliwonse ukhale ndi geti lakelake. Tsitsirani mndandanda wa matikiti m'mafoni musanatsegule, ndipo pakhale wina wosindikiza papepala.

Werengerani nthawi. Ngati munthu mmodzi akutenga masekondi 10, wosikana mmodzi amalowetsa anthu 360 pa ola. Anthu 2,000 ofika mkati mwa maola awiri amafuna osikana atatu, koma poti ambiri amafika nthawi imodzi woimba wamkulu atatsala pang'ono kukwera, ikani asanu. Aliyense akhale ndi power bank ndi tochi. Wolowa avekedwe kachibangili ka pamkono kosavuka, kuti otuluka n'kubwerera asasikanidwenso.

Kwa olipira pageti pomwepo, musakhulupirire uthenga umene munthu akukuonetsani pa foni yake. Mauthenga abodza ooneka ngati a kampani ya foni ndi osavuta kupanga. Wa pageti aone pa foni yolandirira kuti ndalama yalowadi. Shoo ikatha, usiku womwewo, yerekezani zinthu zitatu: matikiti ogulitsidwa, matikiti osikanidwa, ndi ndalama za pa sitetimenti. Mukadikira mpaka Lolemba, palibe amene adzakumbukire kuti kusiyana kunachokera pati.

Kuonetsa sewero kapena shoo pa intaneti nthawi yomweyo kumafuna chiyani?

Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu oipa sawapirira. Musadalire maikolofoni ya foni. Tengani mawu kuchokera ku mikisa kudzera pa audio interface, ndipo muike maikolofoni ina yoloza kwa anthu kuti kuseka ndi nthungululu zimveke, apo ayi oonera kunyumba amamva ngati holo ilibe munthu. Pa zisudzo, ochita sewero avale timaikolofoni ta pachifuwa kapena mupachike ena pamwamba pa siteji.

Chithunzi cha 720p chimayenda bwino pa 2,500 kbps, zimene zimadya bandulo yoposa pang'ono 1 GB pa ola. Liwiro lotumizira la netiweki yanu likhale kuwirikiza kawiri pamenepo. Liyeseni pamalo pomwepo, pa ola lofanana ndi la shoo, osati m'mawa kuli zii. Khalani ndi ma SIM a makampani awiri. Pulogalamu ya OBS Studio ndi yaulere, ndipo imalola kusunga zonse mu kompyuta pamene mukuulutsa, kuti netiweki ikadula mukhalebe ndi chojambulidwa chathunthu.

Samalani ndi nyimbo za eni ake zimene DJ amaika popuma. Facebook ndi YouTube zimazizindikira n'kutseka mawu kapena kudula kuulutsa konse. Nthawi yopuma tsitsani mawu opita pa intaneti.

Ndine wojambula zithunzi ndi wosema. Intaneti ingandithandize bwanji?

Ogula zosema ndi zojambula, amene kale ankangopezeka ku Mua, ku Dedza kapena m'misika ya alendo, tsopano amayamba aona pa foni. Choncho chithunzi cha ntchito yanu ndicho chimagulitsa. Jambulani panja pamthunzi, osayatsa fulashi, foni italunjika pakati pa chojambulacho kuti m'mbali musapindike. Chosema chijambuleni mbali zitatu, kumbuyo kuli nsalu ya mtundu umodzi. Lembani kukula kwake m'masentimita, mtundu wa mtengo kapena penti, chaka, ndi kulemera kwake, popeza mtengo wotumizira kunja umatengera kulemera ndi kukula kwa katundu.

Pa masamba a mchezo ikani zithunzi zazing'ono, zazikulu muzisunga. Kusindikiza bwino pa pepala la A3 kumafuna mapikiselo pafupifupi 3500 kwa 4960. WhatsApp imafinya zithunzi, ndiye potumiza kwa wosindikiza tumizani ngati document.

Wogula chojambula wagula chinthucho, sanagule ufulu wochisindikiza pa malaya kapena pa makalendala. Zilembeni pa lisiti. Chenjeraninso ndi wogula wakunja amene akuti watumiza ndalama zopitirira mtengo ndipo mumubwezere zapamwamba. Ameneyo ndi wakuba.

Nanga za NFT?

NFT ndi chiphaso cha pa intaneti chosonyeza mwini wa chojambula cha pakompyuta. Zinamveka kwambiri mu 2021, pamene wojambula wa ku America wotchedwa Beeple anagulitsa ntchito yake pa madola 69 miliyoni kudzera ku Christie's, kampani yogulitsa zaluso pa okushoni. Chaka chotsatira msikawo unagwa. Wina akakulemberani kuti akufuna kugula zojambula zanu ngati NFT koma muyambe mwalipira ndalama yolembetsera patsamba limene iye wakupatsani, musayankhe.

Kodi AI itilanda ntchito?

AI ndi mapulogalamu a pakompyuta amene amalemba, kujambula ndi kupeka motsanzira munthu. Ntchito zina yayamba kale kuzigwira: mapositala a shoo, tinyimbo ta malonda, zikuto za zimbale. Amene ankadya pa ntchito zimenezi akumva kupweteka, ndipo sitikufuna kuchepetsa nkhawa yawo. Mapulogalamu ngati Suno ndi Udio amapanga nyimbo yathunthu munthu atangolemba mawu ochepa. Mu June 2024 makampani akuluakulu a nyimbo, Universal, Sony ndi Warner, anasumira mapulogalamu awiriwa ponena kuti anaphunzitsidwa ndi nyimbo za eni ake popanda chilolezo.

Pali ntchito zimene AI imathandiza moona. Imachotsa phokoso m'zojambulidwa zakale, imalekanitsa mawu ndi zida pa nyimbo imene mafayilo ake anatayika, imathandiza kukonza kalata yopempha thandizo la ndalama kapena bajeti ya chikondwerero. Koma zimene yalemba muziwerenge mzere ndi mzere, chifukwa imapeka mayina, zaka ndi ziwerengero molimba mtima. Pa Chichewa imapunthwa kwambiri: imasokoneza kakwezedwe ka mawu, ndipo mayendedwe a ng'oma za manganje, tchopa kapena vimbuza siwadziwa bwino, popeza zojambulidwa zathu zimene inaphunzirapo n'zochepa.

Pa umwini, ofesi yoona za umwini ku America inanena kuti chinthu chopangidwa ndi makina okha, popanda luso la munthu, sichitetezedwa. Ngati mukufuna kudzagulitsa ntchito yanu kunja, sungani umboni wa zimene munapanga ndi manja anu: zolemba zoyamba, mafayilo a ku situdiyo, zojambula za pensulo. Ndipo posaina mgwirizano uliwonse, kaya ndi wa malonda kapena wa filimu, onetsetsani kuti mwalembedwa kuti mawu anu ndi nkhope yanu sizidzagwiritsidwa ntchito kuphunzitsa makina kapena kupanga mawu okutsanzirani popanda chilolezo china cholembedwa.

Tili ndi makaseti, zithunzi ndi mavidiyo akale a gulu lathu. Tiwasunge bwanji?

Yambani ndi makaseti ndi matepi a vidiyo, chifukwa ndiwo akuwonongeka msanga ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo makina owaseweretsa akusowa. Pukutani mutu wa makinawo ndi spirit, yendetsani tepi mpaka kumapeto n'kuibweza musanaiseweretse, ndipo yankhungu musaiike m'makina isanatsukidwe. Jambulani ngati WAV pa 24-bit ndi 48 kHz kapena kuposa. Fayilo yoyambayo musaikonze chilichonse. Zochotsa phokoso chitani pa kope.

Sungani makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kumalo ena kapena pa intaneti. Flash si mosungira zinthu zokhalitsa, ndipo Facebook ndi YouTube si nkhokwe, popeza zimafinya mafayilo ndipo akaunti itha kutsekedwa tsiku lililonse. Dzina la fayilo liyambe ndi chaka, kenako malo ndi gulu. M'kaundula lembani amene akuimba, mudzi, mwambo wake ndi amene anajambula. Nyimbo zimene Hugh Tracey, wofufuza za nyimbo za mu Africa, anajambula kuno m'zaka za m'ma 1950 zikuthandizabe ofufuza lero ku International Library of African Music ku South Africa chifukwa ankalemba zinthu zoterezi. Funsani akuluakulu akadali moyo kuti akuuzeni amene ali pa zithunzizo.

Kodi chilichonse cha chikhalidwe n'choyenera kuikidwa pa intaneti?

Ayi. Gule wamkulu, amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ali ndi zoonekera pabwalo ndi zina za kudambwe zimene si za aliyense. N'chimodzimodzi ndi zinamwali, komanso vimbuza pamene wodwala akuthandizidwa. Pemphani kwa mfumu ndi eni mwambo, muwafotokozere momveka kuti vidiyoyo idzaonedwa ndi aliyense, ana ndi alendo omwe, ndipo ikangofala siibwezeka. Akakana mbali ina, zimitsani kamera. Dziwaninso kuti lamulo la umwini limateteza nyimbo ndi magule a makolo, choncho musanazigwiritse ntchito pa malonda kafunseni ku COSOMA za chilolezo.

Ndine manijala wa gulu. Ndiyambire pati sabata ino?

Yambirani pa maakaunti. Lembani onse: imelo, Facebook, YouTube, TikTok, kampani yofalitsa, akaunti ya malonda ya pa foni. Pa iliyonse onani kuti inatsegulidwa ndi imelo ndi nambala ya yani. Magulu ambiri amadzazindikira mochedwa kuti tsamba lawo lili m'manja mwa mnyamata amene anawathandiza kulitsegula zaka zapitazo, ndipo pano sakuyankhulana. Tsegulani imelo ya gulu, musamutsire zonse kumeneko, ndipo anthu awiri odalirika akhale ndi ulamuliro wonse. Ena apatsidwe mphamvu yongoika zinthu basi. Yatsani chitetezo chofuna nambala yachiwiri polowa, ndipo manambala osungira amene amakupatsani muwalembe papepala. Uthenga wonena kuti tsamba lanu litsekedwa mukapanda kudina linki ndi msampha wa akuba masamba.

Mukatero, pangani kaundula mmodzi wa ntchito zonse za gulu, ndi ISRC, magawo a opeka, tsiku lolembetsa ku COSOMA ndi kumene kuli fayilo yeniyeni. Yambaninso kusonkhanitsa manambala a anthu amene amabwera ku zochitika zanu, chifukwa zimene mumaika pa masamba a mchezo zimafika kwa ochepa mwa okutsatirani, pamene uthenga wa pa foni umafika kwa mwini wake. Apempheni kaye chilolezo, muwauze chimene mudzagwiritsire ntchito nambalayo, ndipo musaipereke kwa otsatsa malonda. Malawi ali ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, ndipo limakhudzanso mndandanda wa ogula matikiti. Amene wapempha kuti achotsedwe, muchotseni tsiku lomwelo.